Tsiku Limene Mayi Kanagavalli Anayesa Laini

Mayi Kanagavalli ndinawadziwa pa 3 Epulo 1978, tsiku limene ine ndi malemu amuna anga tinalowa m'nyumba yoyang'anana ndi yawo mumsewu wathu uno wa ku Kumbakonam. Katundu asanatsike pangolo, iwo anali atawoloka kale msewu ndi khofi m'makapu awiri. Anandifunsa dzina, sukulu imene ndinkaphunzitsa ndi nambala ya foni ya sukuluyo. Nambalayo ndinali nditaiwala, ndipo anandikumbutsa ndi iwo.

Anabadwa pa 11 Malichi 1949. Ntchito anayamba pa 2 Juni 1969 ku ofesi yolumikiza mafoni, m'masiku amene munthu wofuna kulankhula ndi m'bale wake wakutali ankayamba wapempha mayi wa pa bolodi lolumikizira mafoni n'kudikira theka la tsiku. Makina atalanda ntchito imeneyo, anawasamutsira ku desiki ya madandaulo, komwe anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akumvetsera anthu olalata kuti foni zawo zafa. Anapuma pantchito pa 31 Malichi 2009. Manambala a m'tauni muno, a anthu amoyo ndi akufa omwe, akadali m'mutu mwawo mpaka lero.

Amuna awo, Bambo Sivaprakasam, anamwalira pa 6 Ogasiti 2016. Mwambo wa maliro utatha, mwana wawo mmodzi yekhayo, Arasu, amene amagwira ntchito ku Chennai, anafuna kuwatenga. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anakangana masiku awiri, ine ndili pomwepo, mpaka anapangana chonchi: Arasu aziimba foni ya m'nyumba tsiku lililonse 7 koloko m'mawa, ndipo ikadzalira masiku atatu otsatizana osayankhidwa, mayi adzalongedza popanda mawu. Foni ya m'manja imene anawagulira ili mu dilowa, m'bokosi lake lomwe inabweramo. Amati zala zawo n'zouma, galasi lake silizimva.

Panganolo linayenda zaka zisanu ndi ziwiri osaphonya. Ngakhale pa 9 Meyi 2022, pamene anthu a mafoni anachotsa waya wakale wa mkuwa n'kutipachikira tonse timabokosi ta intaneti pakhoma, kuti foni izidzera m'menemo, Mayi Kanagavalli anaimirira kumbuyo kwa okonzawo mpaka nambala yawo ya mu 1983 inalira.

M'mwamba mwa nyumba yawo munkakhala Dandapani, mwana wa mng'ono wa amuna awo, wogulitsa ziwiya za mkuwa kumsika, pamodzi ndi mkazi wake Maragatham ndi mwana wawo Ilango. Malemu Bambo Sivaprakasam anawalowetsa mu 2011 chifukwa cha ubale basi. Zipinda za m'mwambazo n'ziwiri, zazing'ono, zotentha. Msewu wonse unkadziwa kuti Ilango anamupezera mbeta ku Sirkali, ndiponso kuti bambo a mtsikanayo, Bambo Kulandaivelu, atakwera masitepe n'kuona zipindazo anakwinya nkhope. Unkadziwanso, poti Maragatham sasunga mawu akakumana ndi mayi wogulitsa maluwa, kuti Dandapani anawalonjeza kuti pofika Januwale pansi padzakhala popanda munthu. Mayi Kanagavalli atamva anangoseka. "Andiuze tsiku lake," anatero, "ndikonzeretu nsalu yogonera."

Lolemba pa 23 Okutobala 2023 linali tsiku la Ayudha Puja, lopukuta ndi kudalitsa zida zantchito. Monga chaka chilichonse, chilichonse chokhala ndi chitsulo kapena waya chinalandira gawo lake: makina osokera, mipeni, njinga yamoto ya Dandapani, firiji. Maragatham anatsika ndi nsanza ndi kambale ka phala lopaka la mtengo wonunkhira wa sandali, n'kuthandiza apongozi akewo. Kabokosi ka intaneti anakazula zingwe zonse, anakapukuta, anakapaka phala kumaso ndi kumsana mosaumira, anadontheza ufa wofiira pamwamba, n'kubwezera zingwe. Tinadya mbuliwuli za mpunga ndi shuga wabulauni, aliyense n'kupita kwawo.

Lachiwiri 7 koloko foni sinalire. Mayi Kanagavalli anadikira mphindi khumi, ananyamula cholankhulira, ndipo munalibe ngakhale kampweya. Anaitana Dandapani. Ine ndinali pakhomo panga ndikuthira madzi pabwalo, ndipo mawu awo ankandipeza bwinobwino.

"Amayi aakulu, taonani tinyaliti, tonse n'tobiriwira," anatero Dandapani, ali chiimire patali. "M'mwambamu intaneti ikuuluka. Ndiye foni ingafe bwanji payokha? Mwina ndi makutuwa."

"Makutu amenewa ankamva munthu wa ku Delhi pa waya wonyowa ndi mvula iwe usanamere mano. Tanyamula umve wekha."

"Ndachedwa kushopu. Mukamwa khofi muyesenso."

Sananyamule. Masana tinaimbira a mafoni pa foni yanga, ndipo anati wokonza abwera tchuthi chikatha, mwina Lolemba. Ndinawapempha kuti tiimbirenso Arasu. "Ndimuimbire pa foni ya eni," anandiyankha, "kuti amve kuti ya kwanga yandikanika? Aphunzitsi, inu munayamba mwabwerekapo choko kwa mwana wa sukulu?"

Lachitatu, tsiku lachiwiri la chete, anatopa n'kudikira. Nthawi ili 3 koloko masana ndinawaona akuwoloka msewu foni ili kukhwapa, chingwe chikukwekwereka pambuyo.

"Tiyambira kumapeto," anatero. "Kudesiki tinkatero. Usanatukwane ofesi, yamba wafunsa cha m'nyumba mwako."

Tinazula foni yanga pa kabokosi kanga n'kulumikiza yawo. Inang'ung'uza nthawi yomweyo. "Foni ilibe mlandu." Tinasinthanitsa zingwe, chawo pa yanga, changa pa yawo. Zonse zinagwira. "Chingwe chilibe mlandu." Tinabwerera kwawo, anazimitsa kabokosi pa switchi ya pakhoma, anawerenga mokweza mpaka sikisite, n'kuyatsanso. Tinyali tinabwerera kamodzikamodzi. Foni inali zii.

Anakhala pampando kwa kanthawi akuyang'ana kabokosiko ngati mwana amene wabisa kanthu m'kamwa. Kenaka anati nditenge tochi. Kumsana kwake kunali timabowo tinayi tatikulu ndi tiwiri tating'ono tofanana ngati mapasa, ndipo phala la sandali linali litauma pamwamba pa tonse, litakwirira zolemba. Anandituma kukaona kwanga kuti chingwe cha foni chili pa kati. Ndinapeza chili pa kakumanzere, kolembedwa 1. Pobwerera ndinawapeza atazula kale chipini cha m'tsitsi akukanda phalalo. Chawo chinali pa kakumanja, kolembedwa 2.

Anapanikiza kadzino ka chingwe, anachisuntha, n'kuika cholankhulira pakhutu langa. Nthawi inali 4:10.

"Maragatham ameneyo," anatero akuseka mpaka misozi. "Wadalitsa chida mpaka chagona. Koma dzanja lake n'loyera, Mulungu amudalitsenso chimodzimodzi."

Madzulo Maragatham akutsika kukatunga madzi anamuuza zonse, ndipo Maragatham anachita manyazi n'kupepesa. Mayi Kanagavalli sanamuimbire Arasu. Anali atakwiya naye pang'ono kuti masiku awiri onse sanaganize zofunsa kwa ine. "Mwana ndiye amaimbira mayi. Mawa aimba yekha, ndipo andimva."

Lachinayi pa 26 Okutobala anakasamba 6:15 monga mwa masiku onse. Nthawi imeneyo Dandapani, amene anali ndi kiyi wa chitseko cha kumasitepe, ankalowa kudzasiya paketi ya mkaka pathebulo. 7 koloko inawapeza atakhala pafupi ndi foni, tsitsi likadali lonyowa. Sinalire. Ananyamula, munali zii. Anayang'ana kumsana kwa kabokosi, ndipo chingwe chinali chitabwerera pa 2.

Izi ndinazimva pambuyo pake, chifukwa pa 7:20 foni imene inalira inali yanga. Anali Arasu.

"Aphunzitsi, masiku atatu akwana. Kuno ndikumva ikuitana, koma palibe akunyamula. Dandapani akuti m'mwamba amaimva ikulira mpaka kugwedeza nyumba, akatsika akupeza amayi atakhala pambali pake akungoyang'ana khoma. Akutinso dzulo anawaona akuyenda mumsewu atanyamula foni kukhwapa."

"Ankabwera kwanga kudzayiyesa, mwanawe. Chingwe chinali pa kabowo kolakwika, ndipo anachikonza okha ine ndikuona."

"Ngati anakonza, bwanji lero sanayankhe?" Anapuma mozama. "Inu mumawakonda, Aphunzitsi, mungawabisire. Ndibwera Lamlungu ndi masutukesi. Chonde muwathandize kusankha zovala."

Ndinawoloka msewu. Ndinawapeza ataimirira pafupi ndi kabokosi, chala chili pa chingwe. Ndinawauza mawu onse, osachotsapo ngakhale a khomawo. Sanalire. Nkhope yawo inangosalala ngati mmene inkakhalira akamachokera kuntchito ya tsiku lonse.

"Kachingwe aka kali ndi dzino," anatero. "Sikasamuka pokhapokha chala chikapanikize. Zaka khumi ndi ziwiri wadya mthunzi wa denga la amuna anga, lero akuti ndikuyang'ana khoma." Anabwezera chingwe pa 1, anapita kuchitseko cha kumasitepe n'kuchikhoma ndi mpiringidzo wamkati. Paketi ya mkaka anaiika panja pa sitepe yoyamba. "Aphunzitsi, katengeni buku lanu lija ndi cholembera. Kudesiki dandaulo silinkatsekedwa laini isanayesedwe, ndiponso onse okhudzidwa asanauzidwe chimene chinavuta."

Ndinaganiza kuti ayamba ndi Arasu. Anayamba ndi Mayi Soundaram a ku Thanjavur, azakhali a amuna awo, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi zitatu, amene pa mtundu wonsewo palibe wowaposa msinkhu kapena liwiro la pakamwa. Nthawi inali 8:05. Anatulutsa mawu amene ndinali ndisanawamve kwa zaka zambiri, aulemu, osafulumira, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Ndine Kanagavalli, ku Kumbakonam. Ndikungoyesa laini. Mukundimva? Inenso ndikukumvani bwino kwambiri. Vuto linali chingwe pa kabowo kolakwika. Koyamba anaika ndi Maragatham mosadziwa. Kachiwiri waika ndi Dandapani modziwa, n'kuuza mwana wanga kuti ndagontha ndipo mutu wasokonekera. Lakonzeka tsopano. Zikomo."

Anatsitsa cholankhulira agogowo akadali pakati pa funso.

"Achemwali, bwanji osawalola kufunsa?"

"Ndikawayankha akhuta. Ndikawasiya ndi njala aimbira anthu khumi."

Anatsata msinkhu, kuyambira akulu kutsikira kwa ang'ono, osatsegula buku lililonse la manambala. Alamu awo a ku Mannargudi, 8:11. Amalume a Maragatham, 8:19. Wansembe wa kukachisi wa banja lawo, 8:26. Mkulu wa bungwe la ogulitsa mkuwa kumsika, amene anali mnzawo wa malemu, 8:40. Kwa onse mawu anali omwewo, ndipo onse ankawadula pa zikomo. Ine ndinkalemba dzina ndi nthawi, ndipo ndivomere kuti Dandapani sindinamumvere chisoni. Pa anthu amene ndawaphunzitsa pa moyo wanga, wonama mwamantha ndinkamukhululukira msanga, koma wonamizira mnzake ndinkamuimika panja tsiku lonse.

Cha m'ma 10 koloko tinamva foni ya m'manja ya Maragatham ikulira m'mwamba. Inatha, inayambanso, inatha, inayambanso. Kenaka mapazi anatsika masitepe, ndipo chitseko chinagogodedwa motsitsa.

"Amayi aakulu, tatsegulani tikambirane."

"Laini ili pa ntchito, mwana wanga. Udikire."

Pa 11:40 anaimba nambala ya makumi awiri ndi chitatu, ndipo nditamva kuti ndi ya ku Sirkali ndinawagwira dzanja.

"Achemwali, Ilango sanalakwe."

"Nanenso sindinalakwe."

Bambo Kulandaivelu anayankha okha. Anawauza zonse monga anauzira ena, koma pofika pa zikomo sanadule. "Pali kanthu kena kakang'ono, bambo. Ndamva kuti mwana wanu adzagona m'chipinda changa kuyambira Januwale. Ndimati ndifunsiretu ngati amakonda kukhoma kapena kumphepete, poti bedi ndi limodzi ndipo ine sindikuchoka."

Atatsitsa anapempha madzi akumwa. Sanamuimbire Arasu tsiku lonselo, ndipo panalibe chifukwa, pakuti pofika masana mwana wawoyo anali ataimbiridwa ndi anthu asanu ndi anayi. Lachisanu 7 koloko foni inalira, ndipo anainyamula isanamalize kulira koyamba. Analankhula mphindi ziwiri zokha. Arasu anati sakudziwa womukhulupirira, ndipo abwerabe.

Anafika Lamlungu pa 29 Okutobala nthawi ili 10:30, ndi masutukesi awiri opanda kanthu. Mayi ake anamupatsa khofi, anaitana a m'mwamba, n'kundiuza kuti ndikhale pampando wa pawindo. Dandapani anatsika atavala malaya oyera, pamphumi atapaka phulusa lopatulika mizere itatu yokhuthala kuposa masiku onse. Maragatham anaima pakhomo la kukhitchini maso ali otupa.

"Arasu, mng'ono wanga, ine ndanyozedwa mtundu wonse," anayamba Dandapani. "Kumsika anthu akundifunsa kuti wani kapena thuu. Ine zingwe ndimazidziwira kuti? Munthu wamkulu akayamba kuiwala, amasuntha zinthu yekha n'kumaloza ena."

"Unati unaimva ikulira," anatero mayiwo.

"Ndinaimva."

"Masiku onse atatu?"

"Onse atatu. Mpaka m'mwamba."

"Arasu, zula chingwecho uike pa kabowo kenako. Panikiza kadzinoko, usakoke ngati ukuzula chinangwa. Tsopano imba."

Arasu anaimba pa foni yake ya m'manja n'kuikweza mawu. Tonse tinamva ikuitana, kamodzi, kawiri, kasanu. Foni ya pathebulo inangokhala duu.

"Tamvetsera bwino, Dandapani, iwe wa makutu abwino. Ikugwedeza nyumba?"

"Ndani akudziwa kuti chinali pamenepo? Ndi mawu anu okha ndi a Aphunzitsi."

Apa ndi pamene Maragatham analankhula, osayang'ana munthu aliyense koma mwamuna wake. "Ndinaika ndine Lolemba. Phala ndinapaka ndine. Lachitatu madzulo ndinakuuzani kuti amayi aakulu akonza, inu n'kufunsa kuti kabowo kake kati. Ndinkayesa mukufuna kudziwa chabe." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu yake. "A ku Sirkali sakuyankha foni yanga kuyambira Lachinayi. Mwana wanga sakudya. Ndiye muziti ndani akudziwa?"

Dandapani anatembenuka n'kukwera masitepe. Arasu anakhala pansi pafupi ndi mapazi a mayi ake, mwamuna wa zaka makumi asanu, n'kuwagwira zala zakumiyendo.

"Amayi, ndakulakwirani."

"Wandilakwira. Bwezera chingwe pa wani."

Atabwezera anafunsa motsitsa kuti achite naye chiyani Dandapani. Iwo anati achoke. Arasu anayesa kuwanyengerera, kuti munthu wapepesa kale ndi manyazi ake, ndiponso kuti m'mwamba mukakhala mopanda munthu, akadzagwa kubafa adzawadzutsa ndani.

"Amene ankandiyang'anira ndi yemweyo ankandiyeza bokosi," anatero. "Mwezi wa Margali, pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale, anthu sasamuka, ndiye ndamupatsa mpaka uthe. Asadzanene kuti ndinamutulutsa pa mwezi woipa."

Arasu anakwera sitima yamadzulo ndi masutukesi ake. Mu sutukesi imodzi munali botolo la achali wa mandimu, mwinamo munalibe kanthu.

Dandapani ndi Maragatham anasamuka pa 21 Januwale 2024, kupita kunyumba ya kuseri kwa msika. Mayi Kanagavalli anakhala pakhonde akuwerenga nyuzipepala mpaka galimoto ya katundu inakhota. Maragatham anabwera kudzawagwira mapazi, ndipo anamudalitsa n'kumupatsa nthochi ndi masamba otafuna a tambula. Mwamuna wake anaima pageti akudikira mawu. Mayi Kanagavalli anatembenuza tsamba la nyuzipepala.

Ukwati wa Ilango unachedwa miyezi isanu, koma sunathe. Unachitika pa 9 Juni 2024 ndi mtsikana yemweyo, Abirami, amene akuti anauza bambo ake kuti sakukwatiwa ndi zipinda. Kalata yoitanira Mayi Kanagavalli inabwera pa positi, osati pamanja ndi mbale ya zipatso monga ayenera kuitanidwira mayi wamkulu wa banja. Sanapite. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, ndipo mumtima ndinkada nkhawa ndi nyumba yaikulu ija yokhala ndi munthu mmodzi.

Pa 7 Julayi, Lamlungu masana, Abirami anafika yekha pa njinga yamoto ndi phava la nthochi. Ndinali komweko tikusankha mpunga. Anawagwira mapazi, n'kunena kuti anabwera kudzaona agogo amene anafunsa za khoma ndi mphepete, chifukwa kwawo anthu akusekabe. Anacheza ola lathunthu. Mtsikanayo anadandaula kuti kuseri kwa msika anthu anayi akupanikizana m'zipinda ziwiri, ndipo apongozi ake aamuna amalamula ngakhale mchere wa m'ndiwo.

Mayi Kanagavalli ananyamuka, anatenga kiyi wa m'mwamba pamsomali n'kumuika pachikhatho cha mtsikanayo.

"Zipinda n'ziwirinso, ndipo zimatentha. Koma mudzakhalamo awiri. Apongozi ako aakazi azibwera mmene afunira. Aamunawo malire awo ndi geti."

"Nanga akafuna kuona mwana wawo, agogo?"

"Aziimba belu, Ilango azitsika."

Analowa pa 14 Julayi 2024. Dandapani amabwera Lamlungu lililonse cha m'ma 5 koloko, amaima pageti ndi kathumba ka zokazinga, ndipo amalankhula ndi mwana wake pamsewu, dzuwa likumuwomba kumsana. Mayi Kanagavalli amakhala pakhonde nthawi imeneyo, mamita atatu kuchokera pamene iye waima, akumwa khofi amene Abirami wawatsitsira. Mpando wina umakhala pambali pawo, ndipo ndimakhalapo ndine.